MPHENZI IRIBE MWINI WAKE

(Mau amene Mlembi wa nthambi yathu, amenenso ali mphunzitsi, analankhula pa msonkhano wa mwezi uno)

 Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo posachedwa tidzamva mabingu. Chifukwa chake tapempha mpata kuti tilankhule za mphenzi, pakuti chinthu chimenechi chimatipha kawiri. Poyamba chimapha munthu amene chamgwera. Pambuyo pake ife eni timanyamuka ndi zibonga kukafuna amene wachitumiza.

Sitikunena nthano ai. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17. Anthu anati okalamba anai a m'mudzimo ndiwo anaitumiza, ndipo anawapha onse anai. Maliro anali amodzi, anasanduka asanu. Tsono tiyeni tione bwino chimene mphenzi iri, kuti zotere zisadzaoneke pakati pathu.

Ife aphunzitsi timaonetsa ana kanthu kena m'kalasi. Timatenga chipeso cha pulasitiki, nkuchikwecha m'tsitsi louma, ndipo chimayamba kutola tizidutswa ta pepala. Enanu munaonapo juzi ikuthetheka pamene mukuivula mumdima. Mphamvu imeneyo ndi magetsi, ndipo amabadwa pamene zinthu zikhudzana ndi kukwechana. Mumtambo wa mvula mumachitika zomwezo, koma zazikulu koposa. Dzuwa likatentha nthaka, mpweya wotentha umakwera ndi chinyezi kufikira kumwamba kozizira, kumene madzi amauma nasanduka matalala. Matalalawo amagundana, ena pokwera ena potsika, ndipo magetsi amachuluka mumtambo kufikira atadumpha, kaya kunka ku mtambo wina kaya kudza pansi. Kudumphako ndiyo mphenzi.

Mu 1752 Benjamin Franklin wa ku Philadelphia, m'dziko la America, anaulutsa kaiti pa chingwe nthawi ya mabingu, naonetsa kuti mumitambo muli magetsi. Lero tidziwa kuti mphenzi imatenthetsa mpweya kufikira madigiri 30,000, pamene madzi a nsima amawira pa madigiri 100 okha. Mpweya wotentha chotero umafufuma mwadzidzidzi, ndipo phokoso lake ndilo bingu. Mtengo umene timaupeza utang'ambika ngati wautema ndi nkhwangwa, ang'amba ndi madzi ake omwe, amene awira nthawi yomweyo nasanduka nthunzi.

Tsono titchule zinthu zisanu zimene ambirife timakhulupirira, koma siziri zoona.

Choyamba, timati mphenzi imasankha munthu chifukwa wina waituma. Mphenzi sidziwa dzina la munthu. Imafuna njira yapafupi yofikira pansi, ndiye chifukwa chake imakonda mtengo wautali, phiri, chulu, kapena munthu woima yekha padambo kapena m'bwato panyanja. Ikagwa imayenderera m'nthaka, ndipo ng'ombe zimafa zambiri pamodzi chifukwa miyendo yake ndi yotalikirana, magetsi amalowa mwendo wina natulukira wina. Mu Ogasiti 2016 ku Norway mphenzi inapha nyama zakutchire 323 zonga agwape paphiri limodzi. Kodi nyamazo zinali pa mlandu wa munda ndi yani? Mu Juni 2011 ku Uganda inagwa pa sukulu ya pulaimale nipha ana 18. Kodi ana onsewo anamana agogo ao mchere?

Chachiwiri, timati pamene mphenzi yagwa kale sigwanso. Ku New York kuli nyumba yaitali yotchedwa Empire State Building, ndipo mphenzi imaigwera monga ka 20 chaka chiri chonse. Malo amene anaikoka dzana adzaikokanso mawa. Choncho ikagwa kawiri pakhomo limodzi tisathamangire kwa woombeza. Tiyang'ane mtengo wa bulugama umene uli pafupi ndi nyumbayo.

Chachitatu, timati malaya ofiira, kalilole ndi lamya ya m'manja zimaitana mphenzi. Mphenzi siona mtundu wa nsalu, ndipo kuphimba kalilole sikutchinjiriza munthu. Lamya iri yoopsa pokhapokha pamene yalumikizidwa ku waya wa magetsi a m'nyumba, pakuti mphenzi imatha kuyenda m'mawaya.

Chachinai, timati pansi pa mtengo ndi pobisalira pabwino. Apa ndi pamene pafera anthu ambiri, makamaka abusa a ng'ombe ndi amai ochokera kumunda. Mphenzi ikagwera mtengo imadumphira munthu amene watsamira tsinde. Kunyowa ndi mvula sikupha munthu tsiku lomwelo, koma mthunzi wa mango ukhoza kumupha.

Chachisanu, ndipo ichi tikupemphani muchisunge mumtima: timati munthu wogwidwa ndi mphenzi sakhudzidwa, kuopa kuti ingatilowe ifenso. Thupi la munthu silisunga magetsi ai. Ambiri ogwidwa ndi mphenzi amakhala ndi moyo, ndipo amene amafa, kawirikawiri ndi chifukwa mtima waima kapena kupuma kwaleka, anthu ali chiimire kuyang'ana. Mgwireni msanga. Ngati sakupuma, mgonekeni chagada, ikani manja anu pakati pa chifuwa chake, ndi kukanikiza mwamphamvu ndi mofulumira osaleka, wina akuthamangira thandizo. Ngakhale atatsitsimuka, pitani naye kuchipatala.

Nanga tidzitchinjirize bwanji? Kuwala kumafika m'maso mwathu nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda pang'onopang'ono, kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukaona ching'aning'ani, werengani kufikira mutamva bingu. Mukafika pa 9, mphenzi yagwa pa mtunda wa makilomita atatu, ndipo pamenepo ndi pafupi ndithu. Lamulo losavuta ndi ili: aliyense wakumva bingu ali kale pamene mphenzi ikhoza kumfika. Tulani khasu, tsikani pachulu, tulukani m'madzi, lekani mpira. Ngati pafupi pali nyumba ya njerwa yokhala ndi mawaya a magetsi, kapena galimoto ya denga la chitsulo, lowani m'menemo. Tinene zoona, nyumba zathu zaudzu sizitchinjiriza kwenikweni, komabe kukhala m'kati kuposa kukhala pansi pa mtengo. Mukhale pakati pa nyumba, osatsamira khoma, osaima pakhomo kapena pakhonde, osagona pansi. Bingu lomaliza likamveka, dikirani mphindi 30 musanatuluke. Mvula ikakupezani kutali ndi mudzi, musaunjikane pamodzi, kuti wina akagwa ena atsale omthandiza.

Alipo ena amene apereka mbuzi kuti awatsirikire nyumba. Chotsirika chenicheni anachipeza Franklin yemwe uja: ndodo ya chitsulo yoimikidwa pamwamba pa denga, yolumikizidwa ndi waya wonenepa wotsikira m'nthaka. Mphenzi ikagwa imatsata wayayo nilowa pansi, anthu a m'nyumba osavulala. Chimenechi chiyenera kuikidwa ndi mmisiri wodziwa nchito yake, ndipo malo oyamba ndi sukulu ndi tchalitchi, kumene timasonkhana ambiri pansi pa denga limodzi.

Polankhula izi sitikunyoza makolo athu. Iwo anadziwa kuwerenga mitambo ndi mphepo kuposa ife, koma analibe zida zoyesera magetsi. Ife tiri nazo nzeru zimenezi, ndipo tikapitiriza kuloza zala okalamba, mlandu udzakhala wathu. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga moto udzazimira kuti ngati dambolo talitentha tokha? Tikumbukirenso kuti lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wopha wokalamba ndi wakupha basi, adzaima m'bwalo la milandu.

Pomaliza, A Tcheyamani, tikupempha nthambi ivomereze zinthu zitatu. Aliyense wa ife akafotokozere a pabanja pake za mtengo ndi za kugwira munthu wogwidwa ndi mphenzi, sabata ino isanathe. Komiti yathu ikaonane ndi komiti ya sukulu za kusonkha ndalama ya ndodo yachitsulo. Ndipo tsoka lotere likagwa m'mudzi uli wonse wa nthambi ino, mamembala awiri apite kunyumba ya maliro, awiri ena akakhale pakhomo pa wokalamba aliyense amene anthu ayamba kumnong'ona, kufikira mitima itazizira ndipo amfumu atalankhula.