Thanki yoziziritsira mkaka: ukasasa, aluza ndani?

Sabata yatha tinali ku khola. Lero tiyeni titsatire mkaka uja ukachoka m'chigubu chanu.

Mkaka ukangotuluka m'bere umakhala wofunda, ndipo tizilombo towononga timaswana msanga. Uyenera kuzizira kufika madigiri 4 pasanathe maola awiri kapena atatu. Palibe mlimi wa ng'ombe imodzi angagule thanki yotere payekha. N'chifukwa chake kuno ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu tili ndi magulu osonkhanitsa mkaka, pansi pa bungwe la SHMPA.

Ntchitoyi ili ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu. Boma ndi mabungwe othandiza amabweretsa alangizi, katemera, nthawi zina nyumba ndi thanki yomwe. Makampani opanga zamkaka, monga Lilongwe Dairy ndi Suncrest, amagula mkaka n'kuutengera ku fakitale. Fuwa lachitatu ndinu. Mgwirizano wa boma ndi makampani womwe mumamva pa wailesi uja, kwa ife ndi umenewu.

Koma ine chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri sitidziwa zomwe komiti yathu inasainira. Pagulu lina komwe ndinagwirako ntchito, magetsi anazima usiku, jenereta inalibe dizilo, galimoto inafika mawa lake masana. Thanki yonse inakanidwa. Alimi anali atakama bwino, mkaka unayezedwa n'kulandiridwa, koma pakutha pa mwezi ndalama inadulidwa kwa iwo. Nditapempha pepala la mgwirizano, panalibe mzere ngakhale umodzi wonena za galimoto ikachedwa.

Choncho funsani. Dizilo agula ndani? Thanki ikawonongeka, akonza ndani, m'masiku angati? Mkaka ukayezedwa pano n'kupezeka wabwino, kodi ungakakanidwenso ku fakitale? Malipiro abwera tsiku liti? Zikhale zolembedwa, chifukwa zapakamwa zimauluka.

Nafenso tisadzibise. Chigubu chimodzi chothiridwa madzi a pachitsime, kapena mkaka wa ng'ombe yotupa bere kapena imene ikubayidwa mankhwala, chimawononga thanki ya anthu onse, ndipo kampani imapeza poyambira kutsitsa mtengo. Sambani m'manja, tsukani bere, fikani pa thanki mkaka usanakhalitse.

Lachinayi likubwerali, a mlembi abweretse pepala la mgwirizano wathu ndi buku lolembamo malita. Tidzawerenga limodzi mzere ndi mzere, ndipo pomwe pali Chingerezi ndidzamasulira.