Za Thumba la Ulendo wa Ana Osewera Tchesi

Mau awa ananenedwa ndi mmodzi wa akuluakulu a Komiti pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe umene unachitikira ku Khonjeni, m'dera la Mfumu Kapichi. Alembedwa pano kuti mamembala amene sanafike nawonso amve.

Atapereka ulemu kwa Wapampando, mafumu ndi mamembala onse, wolankhulayo anati pempho lawo ndi limodzi lokha: kuti Bungwe likhazikitse thumba la ndalama zoyendera ana osewera tchesi tsopano lino, kalata yoitana mwana wa kuno ku mpikisano wa kunja isanafike.

Pakuti akulu ambiri sawadziwa masewerawa, iwo anayamba ndi kuwafotokoza. Anati tchesi ndi masewera a nzeru monga bawo. Anthu awiri amakhala moyang'anana pa bolodi la timabwalo 64, yense ali ndi ankhondo ake 16, ndipo wopambana ndiye amene watsekereza mfumu ya mnzake kufikira isowe kothawira. Sipafunika nsapato, mpira kapena bwalo lolimidwa. Chifukwa chake mwana wa wothyola tiyi akhoza kuphunzira bwino lomwe monga mwana wa bwana. Koma ngakhale kuphunzira kuli kotsika mtengo, kutchuka kuli kokwera mtengo. Bungwe la FIDE, limene linayambika ku Paris mu 1924 ndipo liyang'anira tchesi pa dziko lonse, limalemba mlingo wa wosewera pokhapokha akasewera m'mipikisano imene ilo laivomereza. Motero mwana angathe kugonjetsa anzake onse a m'boma la Thyolo, koma ngati satuluka, dziko silidzamudziwa konse.

Pofuna kutsimikiza kuti akatswiri amachokera kumudzi ndi kumakomboni, wolankhulayo anatchula anthu atatu. Woyamba ndi Mai Susan Namangale, amene anakulira m'mudzi wa Chombo ku Nkhotakota. Ali pa sukulu, iwo ndi anzawo anasonkha timakobidi tawo nagula mabolodi. Mu 2018 anasankhidwa kutsogolera Chess Association of Malawi, ndipo pambuyo pake anayambitsa Dadaz Chess Academy yophunzitsa ana. Wachiwiri ndi Amon Simutowe wa ku Zambia, amene anakhala katswiri wa dziko lake ali ndi zaka 14, nalandira ulemu wa Grandmaster mu 2009. Wachitatu ndi Phiona Mutesi wa ku Katwe mu mzinda wa Kampala, msungwana amene anafika pophunzirira tchesi potsata kapu ya phala, koma mu 2010 anakaimirira Uganda pa Olympiad ku Russia. Mpikisano umenewu umachitika pa zaka ziwiri zilizonse. Mu 2022 unali ku Chennai, mu 2024 ku Budapest, ndipo Amalawi anakasewera nawo. Onsewa, anatero wolankhulayo, sakadafika kumene anafika pakadapanda anthu owagwira dzanja.

Tsono anawerenga zimene ulendo wotere ufuna. Poyamba mwana ayenera kuchoka ku Khonjeni, kudzera ku Luchenza, kukasewera ku Blantyre kapena ku Lilongwe kumene amasankha oimirira dziko, ndipo umenewo ndi ulendo wa masiku angapo, wofuna chakudya ndi pogona. Akasankhidwa, pafunika pasipoti, chilolezo cholowera m'dziko limene akupita, tikiti ya basi kapena ya ndege, ndi ndalama yolembetsera mpikisano. Pafunikanso munthu wamkulu womuperekeza, pakuti mwana satumidwa yekha kudziko lachilendo, makamaka akakhala msungwana. Zambiri mwa izi zimalipidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mamembala akumbuka kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Apa ndi pamene iwo anatsindika. Anati ndalama kuno kwathu zili ndi nyengo yake. Mvula ikagwa, kuyambira December kufikira April, tiyi amaphuka ndipo ntchito imachuluka m'maesiteti. Chilimwe chikafika masamba amachepa, ambiri amapumitsidwa ntchito, ndipo m'matumba mumauma. Koma kalata yoitana mwana siyang'ana nyengo ya tiyi. Ikafika mu August, nipereka masabata owerengeka okha, kodi mamembala adzatenga kuti ndalama? Adzayamba kuyenda ndi mbale khomo ndi khomo, tsiku lidzapita, ndipo malo a mwanayo adzatengedwa ndi wina amene makolo ake ali nazo. Chotero nzeru ndiyo kusonkha pang'onopang'ono pa miyezi ya masamba, monga mlimi amasunga mbeu asanamve bingu loyamba.

Wolankhulayo sanabise kuti ena adzadandaula. Adzati Bungwe lili kale ndi katundu wolemera: maliro, odwala, fizi ya ana amasiye, ndi mabanja amene namondwe wa Freddy anawagwetsera nyumba mu March 2023. Iwo anavomera kuti zimenezo ndizo zoyamba, ndipo anati thumba latsopanoli lisatenge ngakhale tambala imodzi ku thumba la maliro. Koma anakumbutsa msonkhano kuti mu 1953 makolo athu, amene anali osauka koposa ife, anasonkha ndalama natumiza mafumu ku London kukakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anadziwa kuti mtundu umene ufuna kumveka uyenera kulipira ulendo wa woulankhulira. Mutu umodzi susenza denga.

Kuti pasadzakhale manong'onong'o, anapempha malamulo anai. Loyamba, ndalama zisungidwe ku banki m'dzina la Bungwe, ndipo potapa asaine anthu atatu. Lachiwiri, Msungichuma apereke lisiti kwa aliyense wosonkha, ndipo Mlembi awerenge kaundula poyera pa msonkhano uliwonse. Lachitatu, wothandizidwa akhale mwana amene wasankhidwa ndi bungwe la tchesi la dziko lino chifukwa cha kupambana kwake, mnyamata kapena msungwana, posayang'ana kuti ndi mwana wa yani. Lachinai, chaka chimene palibe wosankhidwa, gawo lochepa ligule mabolodi a m'sukulu, ndipo zotsala zidikire.

Pomaliza anapempha kuti Mlembi alembere oyang'anira maesiteti, eni masitolo a ku Luchenza, ndi ana a kuno amene ali pa ntchito ku Blantyre ndi ku Joni, kuwauza za thumbali. Koma anati alendo asapemphedwe eni mudzi asanaponyemo zawo. Anathokoza Wapampando chifukwa cha nthawi imene anapatsidwa, nasiya nkhaniyo m'manja mwa msonkhano.