Munthu Akasiya Kugona Koma Osatopa

Mawu amene mnzathu wina wogwira ntchito m'boma anayankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu ku Monkey Bay.

A Wapampando, aphunzitsi athu amene munapuma pa ntchito, anzanga amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, mabwana ndi madona. Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo za nthenda ya m'maganizo yotchedwa bipolar. Ine ntchito yanga ndi ya mafailo, osati ya jakisoni, choncho ndingonena zimene madokotala amagwirizana, ndiponso zimene ife abale tingachite.

Kuno kwathu munthu maganizo akamusokonekera timangoti "wapenga," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma nthenda za m'maganizo zilipo zamitundumitundu, monganso kutentha thupi konse sikukhala malungo. Wodwala bipolar amakumana ndi nyengo ziwiri zosiyana kotheratu. Nyengo ina amagweratu mphwayi kwa milungu iwiri kapena kupitirira: chakudya sichikoma, kudzuka pamphasa ndi ntchito, amadziona ngati wopanda pake. Nyengo inayo, imene madokotala amaitcha mania, amakwera m'mwamba kwa mlungu wathunthu kapena kuposerapo. Pakati pa nyengo ziwirizi ambiri amakhala bwinobwino, mwina kwa miyezi kapena zaka, akugwira ntchito ngati inu ndi ine.

Ndikhalitse pa nyengo yokwerayi, chifukwa ndiyo imatinamiza. Munthu amagona maola awiri okha, koma mamawa amadzuka wamphamvu ngati wagona usiku wonse. Amayankhula mothamanga, osapatsa mnzake mpata, nkhani iyi isanathe walumphira ina. Lero akufuna kugula usipa wonse wa padoko, mawa wakatenga injini ya boti pangongole, madzulo akugulira mowa bala yonse. Mukamuletsa amapsa mtima, amati mukumuchitira nsanje. Ena amafika podzitcha mneneri kapena mwini wake wa sitima ya Ilala. Tsono ife poyamba timaomba m'manja, timati mnyamata wayamba kuganiza zachitukuko. Tikamadzazindikira, maukonde agulitsidwa, mayi a kunyumba abwerera kwao, ndipo mwini wakeyo watsikira m'nyengo ya mdima ija ngongole zili pakhosi. Asodzi amadziwa mwera usanafike poyang'ana mitambo. Mtambo wa nthenda iyi ndi tulo: munthu akasiya kugona koma osatopa, musadikire kuti avule zovala pamsika.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali ndi nthendayi. Kawirikawiri imayamba munthu ali mnyamata kapena mtsikana, msinkhu wa Folomu 4 kapena wa ku koleji, ndipo imakonda kuyenda m'magazi a banja. Pamenepa ena amati mwana waphunzira mopyola muyeso, ena amati mankhwala a bizinesi amubwerera, ndipo agogo osalakwa amalozedwa chala kumudzi. Mabuku sapengetsa munthu, anzanga. Zikanatero aphunzitsi athu akhala kutsogoloku sakanafika ukalamba uno. Chimene chimaidzutsa nthendayi mwa munthu amene ali nayo kale ndi monga kusagona masiku angapo, mavuto aakulu, chamba ndi mowa, ndiponso kwa amayi masiku oyamba atangobereka.

Tsopano mundimvetsere bwino apa. Wodwala sapita yekha kuchipatala pa nyengo yokwera, pakuti iye amaona kuti sanakhalepo bwino chotere. Amapita akagwa mphwayi, ndipo amangofotokoza zachisonizo. Dokotala akapanda kumva za nyengo inayo, angathe kupereka mankhwala ochotsa kukhumudwa okha, monga amitriptyline kapena fluoxetine, ndipo mankhwala amenewa paokha angathe kumukankhira munthuyo ku mania. N'chifukwa chake mbale woperekeza ndi wofunika kwambiri. Musangokhala panja pabenchi mutagwira thumba. Lowani, munene kuti, "Adokotala, chaka chatha anatha milungu iwiri osagona, akumwaza ndalama." Mawu amenewo angasinthe mankhwala onse.

Mankhwala alipo. Mu 1949 dokotala wa ku Australia, John Cade, anapeza kuti lithium amakhazika mtima pansi odwala otere, ngakhale kuti womwa mankhwalawa ayenera kumayezedwa magazi pafupipafupi. Palinso sodium valproate ndi carbamazepine, amene ena a inu mumawadziwa ngati mankhwala a khunyu. Amayi amsinkhu wobereka ayenera kukambirana bwino ndi dokotala, pakuti valproate angathe kuvulaza mwana wosabadwa. Msampha waukulu ndi wakuti munthu akapeza bwino amataya mapilitsi, amati wachira, kapena wina kutchalitchi amamuuza kuti kumwabe n'kuchepa chikhulupiriro. Pempherani ndithu, koma mapilitsi apitirire, monga timachitira ndi shuga ndi BP.

Poyambira ndi pafupi: chipatala chathu cha Monkey Bay chomwechi, kapena chachikulu ku Mangochi boma. Iwo akaona kuti m'pofunika amatumiza ku Zomba Mental Hospital, chipatala chimene chakhalapo kuyambira 1953. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God. Paja kusukulu tinkanyozana kuti "upita ku Zomba iwe". Nthabwala imeneyo yachedwetsa mabanja ambiri kufuna thandizo.

Nyengo ya mphwayi ija ndiyo yoopsa pa moyo. Mbale wanu akayamba kunena kuti kuli bwino kungofa, musaseke ndipo musamukalipire. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, chotsani zingwe ndi mankhwala a mbewu m'nyumba, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

A Wapampando, thumba lathu la chithandizo limagula bokosi mnzathu akamwalira. Ndikupempha kuti tikafika pa nkhani zina, tikambirane zoti thumba lomwelo lizilipirakonso minibasi ya membala kapena mwana wake wopita kukatenga mankhwala amenewa, dzina lake lizidziwika kwa msungichuma yekha. Ndaona amayi akukhitchini akusuzumira pakhomo, chambo chingazizire.