CULE AMENE ANABWEREKA NTHOCI CISHANGO

Nkhani yathu ya lero ndi ya nthoci zimene mugula pa msika, ndiponso ya cule.

Nthoci ziri ndi mdani wokhala m'nthaka, ndiye matenda a Panama. Kacirombo kake, ka mtundu wa bowa, kalowa pa mizu ndi kutseka njira za madzi, ndipo mbeu yonse ifota. Kakalowa m'munda kakhalamo zaka makumi angapo. M'caka ca 2013 mtundu woopsa wa matendawa unapezeka ku Nampula, m'dziko la Mozambique. Nthoci zikafa m'minda, mtengo ukwera pa msika, ndipo wolira ndinu a m'tauni.

Tsono cule alowapo bwanji? Ku America, dokotala Michael Zasloff anali kucita opaleshoni acule a kum'mwera kwa Africa, nawabwezera m'madzi odzala ndi tizirombo. Anazizwa poona kuti mabala ao anali kupola osacita mafinya. M'caka ca 1987 analengeza cimene anapeza: khungu la culeyo litulutsa timapuloteni tating'ono, timene iye anatipatsa dzina lakuti magainin, kucokera ku liu la Cihebri lotanthauza cishango. Timeneti timamatira pa khungu la kacirombo ndi kuliboola, monga msomali uboola cubu ca njinga. Za m'kati zituluka, kacirombo nkufa.

Popeza nthoci zodya ziribe njere, nkobvuta kuzikwatitsa ndi mitundu yolimba. Cifukwa cace akatswiri a ku Mumbai, ku India, anatenga malangizo a cibadwa opangira mankhwala onga a cule uja, nawaika m'nthoci. M'caka ca 2003 anasimba kuti nthocizo zinapirira matenda a Panama koposa zinzake.

Koma tisafulumire kuomba m'manja. Mbeu yolimba m'nyumba yoyesera iyenera kulimbanso m'munda, pa dzuwa ndi pa mvula. Ndiponso madzi a m'masamba a mbeu amaphwanya msanga ena a mapuloteni otere. Pamwamba pa izi, ayenera kutsimikiza kuti cakudyaco sicipweteka munthu.

Kuno ku Zambia, Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana cimanga cosinthidwa cibadwa m'caka ca njala ca 2002, ndipo m'caka ca 2007 panakhazikitsidwa lamulo loyang'anira mbeu zotere. Tsiku limene nthoci yacishango idzafika pa malire athu, mlandu wake udzafuna anthu odziwa kufunsa: Inayesedwa kuti? Anaiyesa ndani? Nanga mlimi wamng'ono adzaigula ndalama zingati?

Tsalani bwino.