Zala kapena khutu: piyano imafuna chiyani?

 Funso la lero ndi ili: poimba piyano, chofunika kwambiri ndi luso la zala kapena khutu lomva nyimbo?

Ndiyambe ndi manyazi anga. Kiyibodi ndinaphunzirira kutchalitchi kwathu ku Malawi, ndi khutu basi. Key yanga inali imodzi, C. Nyimbo ikakwera ndinkangodina batani la transpose, makina n'kundikonzera. Kwa zaka zambiri palibe anatulukira.

Ndiye chaka chatha tinali ndi mapemphero okumbukira m'bale wathu amene anatisiya, mu holo ina kuno ku Thamesmead. Munali piyano yeniyeni yamatabwa, yopanda batani lililonse. Amayi ena anayambitsa nyimbo. Mukuwadziwa amayi athu, safunsa key. Khutu langa linaipeza nthawi yomweyo, A flat. Koma zala, abale, zinangouma gwa! Anamfedwa akuimba okha, ine thukuta lili kamukamu.

Pafupi nane panali mtsikana wobadwira kuno, wa Grade 6 ya ABRSM. Ma scale onse ali m'zala zake, koma popanda pepala sakanayamba. Ndinamusiyira mpando, ine n'kumamunong'oneza ma chord, iye n'kumaimba. Anthu awiri kugwira ntchito ya munthu mmodzi, eti.

Ngakhale a ABRSM amayesa zonse ziwiri. Pa mayeso awo a Practical, mamalikisi onse ndi 150: nyimbo zitatu, iliyonse 30, ma scale 21, kuwerenga nyimbo yachilendo 21, mayeso a khutu 18. Mu 2020 anayambitsanso Performance Grades: nyimbo zinayi, popanda ma scale, ndipo mamalikisi 30 amapita pa mmene mwaimbira zonsezo pamodzi.

Ine ndimati khutu ndiye bwana, zala ndi antchito. Koma bwana wopanda antchito amangoloza, munda osalimika. Tsiku lija nyimbo ndinkaimva bwinobwino, koma amasiye aja sindinawathandize.

Ndiye ngati ndinu a transpose ngati ine, batanilo lisiyeni. Tengani key imodzi mwezi uliwonse, mphindi 15 patsiku, ikatha miyezi 12 mwazungulira onse. Ngati ndinu a magiredi, Lamlungu likubwerali tsekani buku, mutsatire amayi oyambitsa nyimbo mpaka muwapeze. Mulakwitsa ndithu, koma khutu limakula choncho.

Ine panopa ndili pa E flat, ndipo ikundivutabe.