Za Mseu Wathu Wocokera ku Thyolo Kunka ku Makhanga

 Pa tsiku lino la Jubili ena anena kale za iwo amene anayamba nchito pa malo ano, ndi za nyumba zimene anamanga. Ife atipatsa gawo lina, ndilo kunena za mseu umene mwadzera pobwera kuno. Kapena wina adzati, Kodi mseu uli ndi mbiri yanji, si dothi ndi miyala cabe? Koma tikafunsa kuti sukulu, mankhwala, mabuku, msonkho ndi ndalama zinafika bwanji ku Masambanjati, tipeza kuti zonsezi zinayenda m'njira imeneyi. Ndiponso ana athu ambiri anacoka m'njira yomweyi, ena osabweranso. Cifukwa cace nkoyenera kuti tiudziwe.

Tiyambe ndi mayendedwe ace. M'mabuku a Boma mseu uno auchula S151. Cilembo ca M acipatsa miseu yaikuru ya dziko, ndipo ca S acipatsa miseu yaciwiri, imene ilumikiza midzi ndi misika ku miseu yaikuruyo. Wathuwu upatuka pa Boma la Thyolo, kucoka mu mseu wa M2, umene uyamba ku Blantyre, nudzera pa Limbe, Bvumbwe, Thyolo, Luchenza ndi Mulanje, kufikira pa Muloza, m'malire a Mozambique. Utapatuka, ulinga kumwera pakati pa minda ya tiyi, ndipo phiri la Thyolo, la msinkhu woposa mamita 1,400, likhala ku dzanja lamanja. Ufika pa Makwasa, pafupi ndi Malamulo, nudzera kwathu kuno, nupitirira pa Thekerani. Utapyola pamenepo uyamba kutsika mokhotakhota m'matsitso oopsa, kufikira utalowa m'cigwa ca Shire ku Muona, dziko la Mfumu Mlolo, m'boma la Nsanje. Kucigwako ukomana ndi mseu wa tsidya la kum'mawa kwa Shire, wocokera pa Thabwa, ndipo uthera pa Makhanga, pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo athira m'Shire. Utali wace wonse ndiwo makilomita 82, monga mamailosi 51.

Munthu wonyamuka kuno m'mamawa atapfunda cifukwa ca ciperoni, akafika ku Muona afuna mthunzi ndi madzi, pakuti cigwaco sicifika mamita 100 pamwamba pa nyanja ya mcere. Kusiyana kumeneku ndiko kunabala mseu. Kumtunda kuno kucita nthoci, nanazi, mapeyala, nandolo ndi cinangwa. Kucigwa kucita mpunga, mapira, thonje ndi nsomba za m'dambo lalikuru la Shire. Cimene ali naco wa kuphiri, wa kucigwa alibe, ndipo cimene ali naco wa kucigwa, wa kuphiri acilakalaka. Cotero kale lomwe, Azungu asanafike, Amang'anja anali ndi tinjira ta miyendo tokwera ndi kutsika mapiri awa. Dziko linali nkhalango, ndipo dzina la kwathu lomweli likumbutsa za njati zosamba m'mitsinje imene lero amai acapamo zobvala.

M'caka ca 1859 David Livingstone anakwera Shire ndi sitima, ndipo m'caka ca 1862 Bishopu Mackenzie anamwalira pafupi ndi mathiriro a Ruo. M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana kuti Ruo akhale malire, ndipo Chiromo anasanduka khomo la dziko. Sitima za pamadzi zinkacokera ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi, nizitsitsa katundu pa Chiromo, makamaka m'nyengo ya cirimwe, pamene madzi a Shire anacepa. Tsono katunduyo anakwera bwanji mapiri? Anakwera pamitu pa makolo athu, amtengatenga. Munthu mmodzi ankasenza mtolo wa mapaundi 50 kapena 60, ndipo ena ankanyamula Azungu m'macila, akuthamanga ndi kuyimba kuti mapazi agwirizane. Ambiri sanacite ici mwa kufuna kwao, koma cifukwa ca msonkho wa nyumba, wa masilingi 3, umene Boma linaika m'zaka za m'ma 1890. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 nchito ya mtengatenga inakula koposa, ndipo ambiri anafera kutali ndi kwao. Tikamanena za amene anatsegula dziko lino, tisaiwale anthu awa, amene maina ao sanalembedwe m'buku liri lonse.

M'caka ca 1908 njanji yocokera ku Port Herald, kumene lero tikucha Nsanje, inafika ku Blantyre. Inaoloka Shire pa Chiromo, nikwera m'mbali mwa Ruo, kudzera pa Sankhulani, Thekerani, Sandama ndi Luchenza. Kuyambira pamenepo katundu wolemera anayenda ndi sitima ya pamtunda, ndipo njira ya pamwamba pa mapiri inasanduka yotumikira minda ndi midzi. Khofi, amene Azungu anayamba naye, anali atalephera. M'malo mwace anadzala fodya, thonje ndi tiyi. Tiyi anayamba ku Mulanje m'caka ca 1891, nadzafika kuno ku Thyolo pambuyo pace. Munda wa Satemwa unatsegulidwa m'caka ca 1923, ndipo m'zaka za m'ma 1930 minda ya tiyi inacuruka ndithu. M'zaka zomwezo abale athu Alomwe analikuoloka Ruo m'magulu, kuthawa nkhanza za tsidya lija, nakhala pa malo a eni minda. Mtengo wa malowo unali thangata, ndiko kugwira nchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi. Manja omwewo amene anazula zitsa ndi kudzala tiyi ndiwo anakuza njira ndi makasu, kuti ngolo za ng'ombe, ndi pambuyo pace malole, zipite.

Mseu unabweretsanso zina. M'caka ca 1902 a Seventh-day Adventist anagula malo a misyoni yochedwa Plainfield, pafupi ndi Makwasa, ndipo kunafika Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, ndi banja lace. M'caka ca 1907 malowo anachedwa Malamulo. Padzamangidwa cipatala, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anayamba kuciritsa akhate, amene ankacokera kutali, ena tsidya la Ruo, akuyenda pansi masiku ambiri. Kucigwa, ku Muona, a Katolika anamanga cipatala ca Trinity. Cotero mseu uno uli ndi cipatala kumtunda ndi cina kumunsi, ndipo moyo wa mai wobvutika pa ubereki wakhala ukupendekeka pa funso limodzi: kodi lero njira iri yopitika?

Masiku a masautso nawonso analemba mbiri yao pa mseu uno. M'caka ca 1948 madzi ndi zinyalala za m'Shire zinagwetsa ulalo wa njanji pa Chiromo, ndipo caka cotsatira, ca 1949, kunagwa njala yaikuru, ulalo watsopano usanathe. Unatha m'caka ca 1950. Akuru amene ali pakati pathu akumbukira anthu oyenda m'njira ndi mitanga yopanda kanthu, kufuna cinangwa. M'mwezi wa August 1953, caka cimene Federation inayamba, mkwiyo wa thangata ndi wa kusowa malo unabuka kuno ku Thyolo. Anthu anagwetsera mitengo m'miseu kuti magalimoto a Boma asapite, ndipo m'cipolowe cimeneco anthu 11 anaphedwa m'maboma a kumwera. Thangata anatha m'caka ca 1962, ndipo dziko linalandira ufulu m'caka ca 1964. Koma kucepa kwa malo olima sikunathe, monga mudziwa nonse. Pambuyo pace, m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha m'caka ca 1992, othawa kwao anakwera njira yomweyi, ndipo midzi yathu inawalandira.

Inu a zaka zapakati mukumbukira masiku a nthoci. Masambanjati, Molere ndi Thekerani anali maina odziwika m'misika ya Limbe, Blantyre ndi Lilongwe. Mikoko ya nthoci inkaunjikidwa m'mbali mwa mseu, ndipo ndi ndalama zace makolo analipira sukulu ndi kufolera nyumba ndi malata. Koma kumwera kwa Makwasa mseu unali wa dothi. Walira mvula walira matope: mvula yomwe inakulitsa nthoci ndiyo inkamiza malole m'dothi lathu lofiira, ndipo nthoci zinkapsa ndi kuolera panjira. Wogula amene anafika ndi lole ankachula mtengo umene anafuna, podziwa kuti palibe wina adzabwera. Pamene anthu analikudikira mseu wabwino, kunadza nthenda ya cisaka, imene iyenda ndi tinsabwe ta m'nthoci ndiponso ndi mphukira zodwala zimene anthu apatsana. Inaoneka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, nifika kuno, nipulula minda, kotero kuti misika ya m'matauni inayamba kugulitsa nthoci za ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Kumapeto kwa mseu kunagwa tsoka lina. M'caka ca 1997 cigumula cinadula mtumbira wa njanji ndi mseu pafupi ndi Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo wofuna kucoka ku Makhanga kunka ku Bangula anayenera kuoloka pa bwato, pa malo amene anthu anawacha Mtayamoyo. Dzinalo likwanira kufotokoza. M'mwezi wa January 2015 Ruo anasefukira koopsa, nasiya njira yace, namiza midzi ya ku Makhanga. Anadzanso anamondwe ochedwa Idai m'caka ca 2019, Ana m'caka ca 2022, ndi Freddy m'mwezi wa March 2023, amene anapha anthu mazana ambiri m'cigawo ca kumwera. Madzi saiwala khwawa. Ndipo tisanene kuti zimenezi ziri za a kucigwa okha, pakuti madzi amene amiza Makhanga ayamba ngati mvula pa mapiri a Mulanje ndi a kwathu kuno. Phiri likakhala ndi mitengo, madzi alowa pansi, natsika pang'ono pang'ono. Likakhala lometedwa, atsika tsiku limodzi pamodzi ndi dothi la m'minda mwathu.

Pa zaka za pakati pa 2015 ndi 2020 tinaona cimene makolo athu anacilakalaka osaciona. Kampani ya Mota-Engil inafika ndi makina ace, ndipo phula linadutsa pa Masambanjati. Ulendo wa ku Boma, umene m'dzinja unkadya tsiku lonse, tsopano munthu apita ndi kubwera dzuwa lisanapendeke. Odwala afika msanga ku cipatala, feteleza afika pa nthawi yace, ndipo wogula nandolo salinso mmodzi. Koma pali zinthu ziwiri zoti tizidziwe. Coyamba, mbali yaikuru ya ndalama zomangira inali ngongole yocokera ku maiko a kunja, ndipo adzaibweza ndi ana awa akhala patsogolo pathuwa. Caciwiri, ndalama zokonzera miseu zicokera pa msonkho wa petulo ndi dizilo, umene tonse tilipira mwa mtengo wa ulendo ndi wa katundu wa m'sitolo. Cotero mseu uno suli wa Boma lokha. Uli wathu, ndipo taugula.

Tsono ife ticitenji? Mdani wamkuru wa phula ndiye madzi oima. Wolima kufikira m'mphepete mwa mseu, wothira zinyalala m'ngalande, ndi wokumba mcenga pansi pa ulalo, ameneyo akumba dzenje limene mwana wace adzagweramo. Tisiye malo a mseu osalima, titsegule ngalande mvula isanagwe, tidzale mitengo ndi udzu wa vetiva m'matsitso, ndipo wakuba zikwangwani ndi zitsulo za pa ulalo tisambise cifukwa ali mbale wathu. Mutu umodzi susenza denga. Mafumu aitane, ndipo ife tituruke ndi makasu monga anacita makolo, koma tsopano mwa ufulu.

Kwa inu akatekisti ndi aphunzitsi tiri ndi pempho lapadera, pakuti mau anu afika m'mudzi uli wonse. Mseu wa matope unkacedwetsa odwala, koma mseu wa phula upha amoyo. Phunzitsani ana kuyenda ku dzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto, ndi kuyang'ana uku ndi uku asanaoloke. Cenjezani anyamata a njinga zamoto za kabaza kuti asakweze anthu atatu, asayende ataledzera, ndipo abvale cisoti colimba. Uzani amai a malonda asayale katundu pa phula tsiku la msika. Ndipo kwa acinyamata amene mseu uwakoka kunka ku Limbe ndi ku Joni, nenani kuti apite ndi makalata oyenera ndi luso m'manja, ndi kuti akumbukire amene awasiya.

Pomariza, tikumbukire abale athu a ku Muona ndi Makhanga, amene madzi awasautsa caka ndi caka. Pamene akuru a Boma afika kudzamva zosowa zathu, tichule zao pamodzi ndi zathu, pakuti mseu wosafika kumapeto kwace uli ngati cingwe cosafika m'citsime. Amtengatenga anatisiyira kanjira, a thangata anatisiyira mseu wa dothi, ndipo ife talandira wa phula. Pa Jubili irinkudza, ana awa adzaima pano kunena cimene ife tinawasiyira.