Zomba, Likulu Lakale: Ulendo wa Tsiku Limodzi Kuchokera ku Goliati



Mwambo ukatha, ng'oma za tchopa zitakhala chete, alendo ambiri amafunsa kumene angakacheze asanabwerere kwawo. Eni dera sachedwa kuwalozera ku Ndata, kumene kuli Mpumulo wa Bata ndi sukulu yaukachenjede ya MUST, kapenanso kuminda ya tiyi imene yayala mapiri a Thyolo ngati mphasa yobiriwira. Zonsezo n'zoyenera kuona. Koma pali ulendo wina wa tsiku limodzi umene sutchulidwa kawirikawiri: wa ku Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko lino kuyambira 1891 kufikira 1975. Mwana wa m'maesiteti ali ndi chifukwa chakechake chopitira kumeneko, pakuti msonkho umene unkasowetsa tulo agogo ake, ndi malamulo a thangata amene anawapinda msana, zonse zinkasainidwa m'maofesi a mzinda umenewo.

Ulendowu sufuna liwiro, chifukwa mbiri yake imayambira panjira. Mlendo ayambe wapatukira ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, pamene Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa mpingo wa Providence Industrial Mission mu 1900. Tchalitchi chimene iye anamanga chinaphwasulidwa ndi boma mu 1915; chimene chilipo lero ndi cha m'nthawi ya Dr Daniel Malekebu, amene anatsegulanso misoniyo mu 1926. Kuchoka apo, pamsewu wa Limbe kupita ku Zomba, pa Namadzi pali njira yolowera ku Magomero. Uko kunali esiteti ya A. L. Bruce, kumene usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anapha kapitawo wamkulu wachizungu, William Jervis Livingstone. Ambiri mwa ogwira thangata paesitetiyo anali Alhomwe ongowoloka kumene kuchokera ku Mozambique, anthu opanda malo awoawo, amene mwini munda akanatha kuwathamangitsa tsiku lililonse.

Polowa mumzinda, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi, chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles. Apa ndi poyenera kutsika m'galimoto ndi kuvula chipewa. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse, imene akale ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa, ndipo mayina awo sanalembedwe pamwala uliwonse. Banja limene limangomva kuti agogo ena anapita kunkhondo osabwerako, lingathe kuima pansanja imeneyi ndi kuwatchula dzina mokweza.

M'tsinde mwa phiri ndimo muli mzinda wakale weniweni. Nyumba yoyamba kuiona ndi ya nsanja ziwiri zosongoka imene John Buchanan anamanga mu 1886 kuti mukhale kazembe wa Britain. Harry Johnston atafika mu 1891 anakhala momwemo, ndipo pambuyo pake inasanduka hotela yotchedwa Masongola, dzina lochokera ku madenga akewo. Chakumunsi kwake kuli munda wa mitengo ndi maluwa umene unayambika m'zaka zomwezo, ndipo mtsinje wa Mulunguzi umadutsa pakati pake. Ndi malo abwino kudyerapo kamba wa paulendo.

Chapafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo yakale. Woiona koyamba amadabwa ndi kuchepa kwake, poganizira kukula kwa zimene zinkagamulidwamo. Bungwe lopanga malamulo linakhazikitsidwa mu 1907, koma kwa zaka zoposa makumi anayi munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Zofuna za eni dziko ankaziyankhulira ndi mmishonale. Ndi bungwe limenelo limene mu 1928 linakhazikitsa lamulo la anthu okhala m'maesiteti. Akuda oyamba analowamo mu 1949 mochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa, ndipo mu 1956 munalowa Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene mafunso awo anasautsa atsamunda. Thangata anathetsedwa mu 1962. Ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba kufikira 1994.

Malo amene alendo ambiri amawadumpha, chonsecho ndi amene ali ndi chuma choposa, ndi nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko, National Archives. Kunja kwake sikukopa maso, ndipo palibe amene amajambulitsapo chithunzi. Moto wa mu 1919 unapsereza mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira, komabe zotsalazo n'zochuluka: malipoti a mabwanamkubwa a maboma, makalata a eni maesiteti, milandu ya malo, manyuzipepala akale. Wowerenga mapepala amenewo adzakumana kambirimbiri ndi dzina lonyoza lija limene atsamunda ankatchulira Alhomwe, ndipo adzamvetsa chifukwa chake Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 ndi kuumiriza boma kuti lileke kuligwiritsa ntchito. Nkhani za thangata zimene agogo amasimba madzulo pamoto zili ndi mboni zake m'mafayilo amenewo, ndipo agogowo akutha mmodzimmodzi. Mphunzitsi wopita ndi ana asukulu ku Zomba, akawakweza phiri osawalowetsa m'nyumba imeneyi, wawamana theka la ulendo.

Mzindawu uli ndi zipsera zina za pambuyo pa ufulu, ndipo sikoyenera kuzibisa. M'ndende yaikulu ya Zomba ndimo anamwalirira Orton Chirwa mu 1992, ndipo ku Mikuyu, kunja pang'ono kwa mzinda, ndi kumene mlakatuli Jack Mapanje wa ku Chancellor College anatsekeredwa kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Dzuwa likapendeka, mlendo akwere phiri. Msewu wake ndi wokhotakhota, ndipo m'mbali mwake anyamata amagulitsa masitiroberi, mabulosi ndi mapichesi malinga ndi nyengo. Pamwamba, pamene nsonga zina zimapitirira mamita 2,000, pali damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wonse, mathithi a Williams, ndi dzenje la Chingwe limene nthano zimati kale ankaponyamo akhate. Amene analiona phirili zaka makumi atatu zapitazo adzamva chisoni poona mmene nkhwangwa ndi moto zadyera nkhalango yake. Juzi asaiwale, pakuti kumeneko kumazizira ngakhale mu Okutobala.

Pomalizira pake ndi pa Emperor's View, malo otchedwa choncho chifukwa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaimapo mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, maso amafika kutali. Kumunsi kuli madenga a mzinda. Chakum'mawa kukunyezimira nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, nyanja yosaya ya matemba, imene inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, n'kudzazanso. Kudzanja lamanja kwatambalala chigwa cha Phalombe, ndipo kumapeto kwake kwaima phiri la Mulanje. Kuseri kwa nyanjayo ndi phirilo ndi ku Mozambique. Chigwa chimenecho ndicho anadutsa Alhomwe ambiri pobwera kuno wapansi, ana kumsana, mbewu ndi mphasa pamutu, ena n'kukhazikika ku Phalombe ndi ku Mulanje, ena n'kupitirira mpaka m'minda ya Thyolo.